Mkombero wa Perry ndi Mapazi a Mwana wa m'Komboni

Munthu aliyense amene anapitako ku sukulu amakumbukira zinthu ziŵiri: mphunzitsi amene anamphunzitsa kuŵerenga, ndi njira imene anali kuyenda mmaŵa uliwonse. Za aphunzitsi anthu amakamba kaŵirikaŵiri, koma za njira sakambako, popeza ambiri amayesa kuti sukulu imangopezeka pamene iri monga momwe lipezekera phiri kapena mtsinje. Komatu sukulu iriyonse inaikidwa pamalo pake ndi anthu, ndipo anthuwo posankha malo anagamuliratu kuti mwana uyu adzayenda mphindi zisanu, mwana uyo adzayenda ola lathunthu, ndipo wina sadzapitako nkomwe. Kumudzi mlandu wotere amauweruza amfumu ndi akulu amene adziŵa njira zonse ndi mitsinje yonse. M'mizinda amauweruza anthu a mapu, ndipo anthu a mapuwo kwa zaka zambiri akhala akutsata nzeru ya munthu mmodzi. Nkhani ino iri yoyesa nzeru imeneyo, kuona ubwino wake ndi kupereŵera kwake, makamaka ikafika mu mzinda wonga Lusaka.

Mlembi ndi buku lake

Clarence Perry anali munthu wa ku America. Anabadwa mu 1872 namwalira mu 1944. Anagwira nchito zaka zambiri m'bungwe la Russell Sage Foundation mu mzinda wa New York, kumene anali kufufuza za makhalidwe a anthu a m'mizinda ndi za maseŵera a ana. Mu 1910 anatulutsa buku lochedwa Wider Use of the School Plant, m'mene ananena kuti nyumba ya sukulu siyenera kutsekedwa ana akaŵeruka, koma madzulo ikhale malo a misonkhano, a maseŵera ndi a maphunziro a anthu akulu. Koma cimene cinamveketsa dzina lake ndico cimene analemba mu 1929, cochedwa The Neighborhood Unit, cimene cinasindikizidwa m'buku lacisanu ndi ciŵiri la mabuku ofotokoza za makonzedwe a New York ndi madera ouzungulira. Dzinali m'Cinyanja lingamasuliridwe kuti mudzi wa m'kati mwa mzinda.

Masiku amenewo magalimoto anali atangoculuka m'America, ndipo miseu imene kale munali kuyenda ngolo za akavalo, mmene ana anali kuseŵera mosaopa kanthu, inasanduka malo a imfa. Caka ndi caka ana zikwi anali kufa pogundidwa ndi magalimoto. Perry anaona kuti miseu ikuluikulu iri kuduladula mzinda monga mitsinje yodzaza, ndi kuti palibe amene angailetse. Tsono anati: ngati mitsinjeyo siingaphwe, anthu akhale pa zisumbu, ndipo cisumbu ciriconse cikhale ndi sukulu yake kuti mwana asaoloke.

Malangizo ake anali asanu ndi limodzi. Loyamba, mzinda ugaŵidwe m'zigawo, ndipo cigawo ciriconse cikhale ndi anthu okwanira kudzaza sukulu imodzi ya pulaimale, ndiwo anthu 5,000 kapena kupitirirapo pang'ono, pa malo a maekala 160, theka la mailo m'litali ndi theka la mailo m'lifupi. Laciŵiri, miseu ya magalimoto othamanga ipite m'malire, isaloŵe m'kati. Lacitatu, gawo limodzi mwa magawo khumi a malowo lisiyidwe kuti likhale mabwalo oseŵerera ndi opumulirapo. Lacinai, sukulu ikhale pakati, pamodzi ndi chalichi ndi nyumba ya misonkhano. Lacisanu, masitolo akhale m'mphepete, pa mphambano za miseu ikuluikulu. Lotsiriza, miseu ya m'kati ikhale yaing'ono ndi yokhotakhota, kuti woyendetsa galimoto wongopitirira asaikhumbe. Pa cithunzi cake Perry analemba mzere wozungulira, ndiwo mkombero. Kucokera pakati kufika pa mzerewo panali gawo limodzi mwa magawo anai a mailo, ndiwo mamita 400, ulendo wa mphindi zisanu kwa munthu wamkulu.

Ubwino wake

Woyesa buku ayenera kuyamba ndi kupereka ulemu pamene ulemu uyenera. Okonza mizinda akale anali kuyambira pa nyumba ya mfumu, pa maofesi a boma, pa msika kapena pa mseu waukulu, ndipo ana anali kudzaganiziridwa pambuyo pake ngati malo atsala. Perry anatembenuza zinthu: anatenga munthu wocepa mphamvu koposa onse, mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi, namuyesa muyezo wa mzinda wonse. Kukula kwa cigawo, kuculuka kwa nyumba, ngakhale kupita kwa miseu, zonse anaziŵerenga kucokera pa miyendo ya mwanayo. Ndiponso nzeru yake inali yapafupi kuimvetsa, kotero kuti kalaliki aliyense wokhala ndi mapu ndi kampasi ya ku sukulu akanatha kuona nyumba zimene ziri pafupi ndi zimene ziri kutali. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Perry kanali kakuthwadi.

Cifukwa cake nzeruyi inayenda maiko ambiri. Ku England anaitsata pomanga mizinda yatsopano itatha nkhondo yaciŵiri, monga Stevenage ndi Harlow. Ku India mzinda wa Chandigarh unagaŵidwa m'zigawo za mamita 800 m'lifupi ndi mamita 1,200 m'litali, ciriconse ndi masukulu ndi msika wake. Ku Brazil, Lúcio Costa pokonza likulu latsopano la Brasília mu 1957 anaika nyumba m'magulu, ndi sukulu pafupi ndi gulu lirilonse. Akulu a zamaphunziro nawonso anapeza njira yofanana nayo, yolemba pa mapu sukulu iriyonse ndi dera la ana amene ayenera kupitako. Dziko la France linayamba kucita zimenezi mu 1963, ndipo bungwe la UNESCO linaphunzitsa njirayi ku maiko osauka, makamaka ndi buku la Jacques Hallak lochedwa Planning the Location of Schools, la mu 1977.

Koma mbiri ya Brasília iri ndi cenjezo. Amisiri ndi anchito amene anamanga mzindawo, umene unatsegulidwa mu 1960, analibe malo m'magulu a nyumba aja. Anakakhala kunja, m'matauni onga Taguatinga, imene inayamba mu 1958, ndi Ceilândia, imene boma linatsegula mu 1971 posamutsa anthu a m'zisakasa, mtunda wa makilomita oposa 20 kucokera pakati. Lero anthu okhala m'cigawo cokonzedwa bwino cija sakwana ngakhale mmodzi mwa anthu khumi a m'dera lonse la likululo. Mkombero unagwira nchito yake kwa amene anali m'kati mwa pulani. Za amene anali kunja sunanene kanthu. Zomwezo zioneka bwino koposa mu Lusaka.

Mzinda umene sunaŵerenge ana

Lusaka anayamba mu 1905 monga kasiteshoni ka njanji. Mu 1931 Profesa Stanley Adshead wa ku London anapereka pulani ya likulu latsopano la Northern Rhodesia, ndipo mu 1935 boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Pulaniyo sinatengedwe m'buku la Perry. Inatsata nzeru ya ku England ya mzinda wa mitengo ndi mabwalo otakasuka. Koma inali ndi cikhulupiriro cimodzimodzi, cakuti wokonza mzinda adziŵiratu anthu amene adzakhalemo. Munthu wakuda anayesedwa mlendo wodzagwira nchito, woyenda ndi citupa, amene mkazi wake ndi ana ake ayenera kutsala kumudzi, ndipo iye mwini adzabwerera konko nchito ikatha. Kumene ana sanaŵerengedwe, malo a sukulu sakanasiyidwa.

Lamulo la mu 1948 la nyumba za anthu akuda a m'matauni linavomereza kuti anchito akhale ndi mabanja ao, ndipo m'zaka zotsatira Matero ndi Chilenje anakula ndi nyumba za khonsolo, miseu yoongoka ndi malo a sukulu. Koma nyumbazo zinali za okhala pa nchito yodziŵika, ndipo sizinakwanire. Ena onse anakamanga pa mafamu a Azungu ndi pafupi ndi migodi ya miyala, nalipira mwini malo. Maina a makomboni ambiri akali kusimba mbiri imeneyi: George, John Howard, John Laing, Marrapodi. Pa mapu a boma malo amenewa anali kuoneka ngati mafamu, ngakhale kuti munali kubadwa ana tsiku ndi tsiku. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu kuyenda anatha, ndipo anthu a mu Lusaka, amene anali pafupifupi 123,000 mu 1963, anafika pa 262,000 mu 1969, napitirira theka la miliyoni mu 1980. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2,200,000 m'boma la Lusaka, ndipo oculuka a iwo akhala m'makomboni amene anamangidwa popanda pulani.

Kupereŵera koyamba: malo

Buku la Perry liyamba ndi thengo lopanda munthu. Wokonza afika poyamba, akhoma cikhomo pakati nati apa mpa sukulu, ndipo nyumba zitsatira pambuyo. M'komboni zinthu zimayenda cobwerera. Munthu amafika poyamba ndi zikwama zake, namanga cipinda cimodzi. Mbale wake namanga pambali. Mwini nyumba akapeza ndalama awonjezera zipinda za lendi pabwalo pamene ana anali kuseŵera. Podzafika boma kudzafuna malo a sukulu, gawo lakhumi lija la Perry linatha kalekale. Malo amene amatsala ndiwo aja amene aliyense anawakana: dambo, dzenje la miyala, kapena kumapeto kwenikweni kwa komboni. Conco sukulu imene inayenera kukhala pakati imapezeka pambali, ndipo theka la mkombero wake limagwera pa mafakitale kapena pa manda.

Boma la Zambia linayesa kukonza zimenezi. Mu 1974 linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena kukhala malo ololedwa, ndipo ndi ngongole ya World Bank linaloŵetsa madzi, miseu, misika ndi masukulu mu George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Koma pofuna kupeza malo a mseu kapena a sukulu, nyumba zina zinayenera kugwetsedwa, ndi eni ake kupatsidwa malo ena kumphepete. Nchito yotere njodula, ndiponso njoŵaŵitsa mitima, ndipo itatha m'makomboni oŵerengekawo sinabwerezedwe pa mlingo womwewo, pamene makomboni atsopano anali kumera caka ndi caka. Pa funso limeneli, lakuti sukulu iikidwe bwanji pakati pa nyumba zimene zaima kale ndipo eni ake ngosauka, malangizo asanu ndi limodzi aja sathandiza kwenikweni.

Kupereŵera kwaciŵiri: mipando

Mkombero umayesa mtunda, suŵerenga mitu ya ana. Perry anaganizira anthu 5,000 pa maekala 160, mabanja aang'ono, lirilonse m'nyumba yake. Koma woŵerenga ayerekeze kuti pa malo omwewo pakhala anthu 20,000, banja lirilonse m'cipinda cimodzi kapena ziŵiri, ndipo mwa anthuwo ana ali oculuka koposa momwe analiri ku New York. Pa mapu zonse zioneka bwino: nyumba iriyonse iri m'kati mwa mzere, ndipo kalaliki alemba kuti dera limeneli liri ndi sukulu. Koma sukuluyo inamangidwira mwana mmodzi mwa ana anai kapena asanu. Otsalawo ali pafupi ndi mpanda wa sukulu, amva ngakhale belu likulira, koma mpando alibe.

Cifukwa cake masukulu a boma a mu Lusaka anazoloŵera kugaŵa tsiku paŵiri, pena patatu, ena kuloŵa mmaŵa ndi ena masana, ndipo mwana aliyense alandirako maola ocepa. Mu 2002 boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 kufika Giredi 7, ndipo mu 2022 linacotsa malipiro kufikira Giredi 12, nilemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco. Izi zinali zabwino ndithu, ndipo ana ambiri amene anali atasiya anabwerera. Koma walira mvula walira matope: m'makalasi ena ana anapitirira 100, ena kukhala pansi. Kucotsa malipiro kumatheka ndi colembera tsiku limodzi, pamene kupeza maekala a sukulu yatsopano pakati pa Kanyama kapena Mandevu kumafuna zaka. Ndiponso Perry analemba za sukulu ya pulaimale yokha. Mwana wa m'komboni akakhoza mayeso a Giredi 7, kaŵirikaŵiri ulendo wake umatalika, pakuti masekondale akale ndi omveka, onga Munali, Kabulonga, Libala ndi Kamwala, ali m'madera amene anakonzedwa ndi pulani.

Kupereŵera kwacitatu: njira

Kampasi imayenda pa pepala monga mbalame iulukira mumlengalenga, koma mwana amayenda pansi. Lusaka anamangidwa pa cigwa cosalala, pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo mvula ikagwa kwambiri madzi a pansi amakwera nasoŵa kopita. Anthu a ku Kanyama akali kukumbukira cigumula ca mu 1978 cimene cinagwetsa nyumba zambiri, ndipo madzi amabwerera m'madera otsika pafupifupi dzinja lirilonse. Ku Misisi maenje amene anthu anakumbamo miyala amadzaza nasanduka maiŵe akuya. Njira imene mu Seputembala iri ya mphindi khumi, mu Febuluwale imasanduka ya mphindi makumi anai, pakuti mwana ayenera kulambalala thamanda, kuvula nsapato, ndi kuyenda pa miyala yoponderapo atanyamula mabuku pamutu. Madzi omwewo akaloŵa m'zimbudzi abala kolera, ndipo mu 2018 ndi mu 2024 matendawa anacedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu. Pa mapu a ofesi mtunda ukhala womwewo caka conse.

Pamenepa mlandu suli wa Perry yekha, pakuti iye anadziŵa bwino kuti mseu waukulu ndi mtsinje. Olakwa ndiwo omtsatira, amene anasunga mkombero naiŵala malire. Mu Lusaka njanji imadula mzinda pakati, ndipo miseu ya Great East, Great North, Kafue, Mumbwa ndi Lumumba imanyamula malole ndi maminibasi usana wonse. Mwana amene wasoŵa mpando ku sukulu ya kwao amatumizidwa ku ina ya tsidya lija, ndipo amaoloka kaŵiri pa tsiku mseu womwe uja umene Perry anati usaolokedwe konse. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2018 kuti ngozi za pamseu ndizo zipha ana ndi acinyamata a zaka 5 kufika 29 koposa cinthu cina ciriconse pa dziko lapansi. Makolo sasoŵa kuuzidwa zimenezi. Mai amene aona kuti njira njoopsa amasunga mwana wake pakhomo kufikira atasinkhukirapo, ndipo mwanayo amayamba Giredi 1 mocedwa. Mtsikana woloŵa masana, amene amaŵeruka dzuŵa litapendeka, ndiye amayamba kuletsedwa ulendo wautali.

Kupereŵera kwacinai: mpanda

Pali mlandu wina wolemera koposa, umene unanenedwa ku America komweko. Mu 1948 Reginald Isaacs, wokonza mizinda wa ku Chicago, analemba kuti zigawo za Perry zasanduka cida colekanitsira anthu monga mwa khungu ndi cuma cao, popeza malire amene achinga magalimoto achinganso anthu. Woŵerenga wa mu Zambia sadzavutika kumvetsa mau amenewa. M'zaka za Federation, kuyambira 1953 kufika 1963, maphunziro a Azungu anali m'manja mwa boma la Federation, pamene a anthu akuda anali m'manja mwa boma la Northern Rhodesia, ndipo ndalama zake zinali zosiyana kutali. Masukulu a Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, amene tsopano achedwa Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls, anamangidwa ndi mabwalo akulu pakati pa nyumba za kumayadi. Mwana wa wanchito wa m'khichini, wogona kuseri kwa nyumba ya bwana wake, anali m'kati mwenimweni mwa mkombero, koma pacipata sakanaloŵa.

Lamulo la khungu linatha, koma phunziro lake likalipo. Ngati mwana aliyense auzidwa kupita ku sukulu ya pafupi ndi kwao, ndipo masukuluwo salingana, ndiye kuti mwana wa wosauka wapatsidwa sukulu yosauka, ndi mapu acitira umboni kuti zonse ziri bwino. Nciye cifukwa cake mmaŵa uliwonse maminibasi amadzaza ndi ana ovala yunifomu, amene makolo ao amadzimana kuti awalipirire ulendo wopitirira sukulu ya pafupi kukafuna ina ya mabuku ndi aphunzitsi okwanira. Kuyandikira kokha sikukhutitsa kholo, ndipo buku limene liyesa sukulu ndi mamita okha lasiya theka la mlandu.

Cimene anthu anacita, ndi cimene ena anayesa

Anthu a m'makomboni sanadikire mapu. Kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene cuma ca dziko cinagwa ndipo malipiro a sukulu anakula, makolo, mipingo ndi anthu acifundo anatsegula masukulu ao m'machalichi, m'nyumba za lendi ndi pansi pa mitengo. Bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba mu Lusaka mu 1992, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2011 linavomereza masukulu oterewa. Codabwitsa ncakuti anthu amene sanaŵerengepo buku la Perry ndiwo anakwaniritsa mbali yake yaikulu, pakuti anaika sukulu pamene pali ana, pa mtunda umene mwana wamng'ono angathe. Umenewu ndi umboni wakuti muyezo wake unali woona. Koma ambiri a masukuluwa alibe bwalo, zimbudzi nzocepa, ndipo aphunzitsi ena ngodzipereka opanda maphunziro a uphunzitsi. Apambana pa kuyandikira, koma pa zina zonse apereŵera.

Mzinda wa São Paulo ku Brazil unayesa njira ina yoyenera kuiganizira. Kuyambira mu 2003 akulu a mzindawo anamanga masukulu 21 akuluakulu m'madera osauka a kumphepete, iriyonse ndi nyumba zosanja, laibulale, holo ya maseŵero, dziŵe losambiramo ndi mabwalo, ndipo zitseko zake zinali zotsegukira anthu onse a m'deralo ngakhale Loŵeruka ndi Lamlungu. Anayamba ndi kufunsa kumene kuli ana osoŵa koposa, naika kumeneko nyumba yabwino koposa. Ngakhale iwo anatsata aphunzitsi a kwao, makamaka Anísio Teixeira amene anatsegula sukulu yotere ku Salvador mu 1950, nchito yao ifanana kwambiri ndi zimene Perry analemba mu 1910. Nkutheka kuti kwa mizinda yosauka buku lake loyambalo, limene anthu analiiŵala, ndilo lothandiza koposa laciŵiri limene linamveka, pakuti kumene malo ali osoŵa, sukulu iyenera kukhalanso holo, bwalo ndi laibulale ya komboni yonse.

Ciweruzo

Buku la Perry siliyenera kutayidwa. Funso lake, lakuti mwana wamng'ono adzafika bwanji, ndilo funso loyamba kufikira lero. Koma yankho lake linalembedwera mzinda wolemera, wa malo opanda anthu, wa boma lodziŵa ciŵerengero ca nzika zake, ndipo wolitenga osalisintha adzalemba mikombero yokongola pa mapu onama. Kuti lithandize mu Lusaka ndi m'mizinda yonga iye, liyenera kuwonjezeredwa zinthu zitatu. Ana aŵerengedwe kumene agona, kaya komboniyo njovomerezedwa kaya ai, ndipo ciŵerengeroco cilinganizidwe ndi mipando, osati ndi maina a masukulu. Mtunda uyesedwe ndi mapazi, m'mwezi wa mvula, pa liŵiro la mwana wa Giredi 1. Njira imeneyi si yacilendo: pa nchito ija ya m'ma 1970, atsogoleri a m'makomboni ndi amisiri anali kuyenda pamodzi pakati pa nyumba, nagwirizana pamene mseu udzapita ndi nyumba zimene zidzacoka, ndipo cifukwa cake anthu anavomera zimene akanakana zikanacokera mu ofesi.

Cacitatu ndico cofulumira koposa. Lusaka akukula kuloza ku Chongwe, ku Chibombo, ku Chilanga ndi ku Kafue, kumene minda ndi mafamu zikudulidwa m'mapuloti tsiku ndi tsiku. Kumeneko thengo la Perry likalipo, koma la masiku oŵerengeka. Lamulo la mu 2015 la makonzedwe a mizinda ndi madera linapatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani pamodzi ndi anthu, ndi kugwirizana ndi mafumu pa malo a makolo. Maekala oŵerengeka osiyidwa lero, ozikidwa zikhomo ndi olembedwa m'kaundula, adzakhala sukulu ya pakati pa mudzi. Akagulitsidwa, adzaomboledwa pambuyo pake ndi kugwetsa nyumba za anthu, kapena sadzaomboledwa konse. M'mera mpoyamba.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu tsopano ndiwo adzakhale makalaliki a khonsolo, oyesa malo, aphunzitsi, makhansala ndi alembi a mafumu. Ndipo ngakhale amene sadzagwira nchito zimenezi adzagula puloti ndi kubala ana. Tsiku lina adzaitanidwa ku msonkhano kumene munthu adzayala mapu pa tebulo nalozapo ndi cala. Pamenepo akumbukire njira imene iwo eni anayenda, ngalande zimene analumpha ndi miseu imene anaoloka mtima uli m'mwamba, ndipo asanavomere afunse kuti ana a m'deralo ndi angati, mipando idzakhala ingati, ndiponso ndani mwa okhala pa tebulopo anayendapo njirayo mvula itagwa.